Mchombo wa Elenala Uli Pansi pa Madzi

Ku Kachulu funso loti "kwanu ndi kuti?" ndi lopepuka ngati temba louma. Amafunsana pa doko posankha nsomba, amafunsana m'minibasi ya ku Zomba atapanikizana ndi madengu, wina n'kuti ku Jali, wina ku Phalombe, wina ku Chisi, macheza n'kupitirira. Koma Elenala funso lomweli linatsala pang'ono kumudyera munda wa mpunga.

Elenala anali mkazi wamasiye. Mwamuna wake, Pitala, anali msodzi wa pa zimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pamwamba pa udzu wa njedza pakati pa madzi, ndipo atamwalira anasiya bwato lothonya ndi maukonde odyedwa ndi makoswe. Chenicheni chimene mayiyu ankadalira chinali munda. Unali kumunsi, kumene madzi a Likangala amatambasukira asanalowe m'nyanja, dothi lake lakuda bii, lokakamira kumapazi. Mundawu unali wa mayi ake, a Cecilia, ndipo a Cecilia anaulandira kwa mayi awonso, amene anathyola okha tchire limenelo atangofika kuchokera kum'mawa, kudziko la Apwitikizi. Ankalimamo mpunga wa faya. Ukakhala pamoto, fungo lake linkalumpha mipanda mpaka ana a eni ake n'kuyamba kupeza zifukwa zodzapalira moto.

Cholakwa chinachitika zaka zingapo zapitazo, nthawi imene anthu onse ankajambulidwa kuti alandire ziphaso za unzika. Mzere unali wautali pa sukulu, dzuwa likuotcha paliwombo. Elenala atafika kutsogolo, kalaliki, munthu wa kutali wotopa ndi mayina, sanadzutse n'komwe mutu.

"Kwanu ndi kuti, mayi?"

"Kwathu ndi ku Namuli."

Mawuwo anangotuluka okha, ngati mmene munthu wosinza m'tchalitchi amavomerezera kuti ameni. Mayi ake anamuphunzitsa kuyankha chomwecho kwa mlendo aliyense kuyambira ali kamwana ka mamina, ndipo lilime silinaiwale.

"Namuli? Boma liti limenelo?"

"Ku Mozambiki kumeneko, bwana!" anakuwa wina kumbuyo. "Phiri la Alomwe!"

Mzere wonse unafa nacho chikhakhali. Kalaliki uja sanamuthamangitse ayi, anangoti, "Ndiye mubwerenso ndi mboni zonena kuti ndinu a kuno." Koma Elenala anamva ngati amuvula nsalu pakati pa msika. Anabwerera kunyumba modutsa kuseri kwa zimbudzi za sukulu, ndipo sanapitekonso. Chiphaso sanatenge. Popanda chiphaso, kalembera wa mavoti anamudutsa, zisankho n'kumamudutsanso ngati mabwato a eni ake.

Tsiku la chisankho ndilo linkamuwawa kwambiri. Ankalawirira kumunda, n'kubwerako anthu atatha kuonetsana zala. Iye, Elenala, amene anavota chaka cha nyali ndi tambala wakuda! Tsiku limene lija anapita ndi mayi ake, onse atavala nsalu za ku tchalitchi. A Cecilia, amene sankadziwa ngakhale chilembo choyamba cha dzina lawo, anatuluka movotera atatukula chala m'mwamba ngati chapsa ndi phala. Inki ya povotera ija anakana kuisamba. Ankasamba m'manja chala chimodzi chili kunja kwa beseni, ndipo aliyense wobwera kudzagula mpunga ankayamba waonetsedwa chalacho asanauzidwe mtengo.

"Andiwerenga," ankatero a Cecilia. "Mayi anga analowa dziko lino mozemba, akubisala m'mabango. Ine andiwerenga dzuwa likuwala."

Tsopano mwana wawo ankabisa manja m'chitenje.

Munda wa Elenala unagundana ndi wa Makisoni, pakati pali kamgula kamodzi koti munthu n'kuyendapo mapazi motsogozana. Awiriwa anakulira limodzi. Ankaingitsa mbalame pa nsanja imodzi, kulimbirana chitini chimodzi choimba, ndipo chipsera cha pachibwano cha Makisoni chinali cha chitini chomwecho. Koma chaka chimenechi ana ake aamuna anabwerako ku Joni chimanjamanja, aliyense ndi mkazi ndi khanda, ndipo munda wa bambo awo unachepa mwadzidzidzi. Kukolola kutatha Elenala anapita ku Limbe kukadwazika mwana wake wamkazi. Pobwerako anapeza mgula uja utagumulidwa, minda iwiri yasanduka umodzi, zikhomo zatsopano zili m'makona.

"Achimwene, mgula wapita kuti?"

"Mgula wake uti?" Makisoni sanasiye kulima. "Malo ano ndi a Amalawi, achemwali. Munanena nokha pa sukulu, mudzi wonse ukumva. Ine ndine ndani woti nditsutse mawu a munthu wamkulu? Mukalime ku Namuli."

Nkhani inapita kwa amfumu. Amfumuwo anali atangolowa kumene ufumu, munthu wokulira m'tauni, wosadziwa minda ya agogo. Anafunsa chiphaso, Elenala analibe. Anakanda m'mutu n'kuti za unzika zawakulira.

Apo n'kuti mitambo itayamba kuunjikana pa phiri la Zomba, ndipo anzake atayamba kufesa nazale. Elenala ankadziwa bwino lomwe kuti mvula ikangogwa, Makisoni n'kuwokera mpunga wake m'mundamo, ndiye kuti zatha. Palibe amene amazula mpunga wa munthu utagwira nthaka, ndipo chaka chamawa aliyense adzati ndi munda wa Makisoni, poti ndiye anakololamo.

M'masiku omwewo pa doko panafika galimoto ya chimkuzamawu, ikulengeza zinthu ziwiri mosinthanasinthana. Choyamba, kalembera wa chisankho wayamba pa sukulu, aliyense akalembetse. Chachiwiri, amene ali ndi mlandu koma sangathe kulipira loya abwere pansi pa mango wa pa tchalitchi, athandizidwa ulere. Amalonda a nsomba anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Loya waulere? Chaulere pa Kachulu pano ndi udzudzu wokha!"

Elenala anazengereza, anazengereza, n'kupita anthu atachepa, atanyamula kambale ka nsomba za makumba zowamba kokutidwa ndi nsalu. Loyayo anali mayi wachitsikana dzina lake Linda, nsapato zake zofiira ndi fumbi, akulimbana ndi ulusi wa mango m'mano.

"Izi n'za ndani, amayi?"

"Zanu. Mukandilankhulira bwanji muli ndi njala?"

"Ayi, sindiloledwa kulandira kanthu. Ntchitoyi ndi yaulere."

"Ndiye mukalankhulanso mwaulere, mopanda mphamvu."

Linda anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Chabwino, tichite chonchi. Tidye tonse pompano, imodzi inu, imodzi ine. Asakhale malipiro, ikhale nkhomaliro."

Anadya akucheza, ndipo pakati pa minga ya nsomba nkhani yonse inatuluka: mzere wa pa sukulu, kuseka kwa anthu, mgula, zikhomo. Linda ankamvetsera osadula mawu. Kenako anafunsa.

"Nanga inuyo munabadwira kuti?"

Elenala anayang'ana uku ndi uku. Panali mbuzi yokha ikudya makoko a mango.

"Pa nyanja."

"M'bwato?"

"Ayi. Pansi." Anatsitsa mawu. "Chaka chimene nyanja inauma, dziko litangolandira ufulu kumene. Madzi anathawa onse, anthu ankapita ku Chisi wapansi. Mayi anga matenda anawayambira panjira."

"Ndiye ndinu wa kuno kuposa tonsefe. Za ku Namuli zinabwera bwanji?"

Izi Elenala anali asanauzepo munthu, ngakhale Pitala. Mwana akabadwa, pakapita masiku kachidutswa ka mchombo kamauma n'kugwa, ndipo amayi amakakwirira mwakachetechete. Pamene pakwiriridwa mchombo ndiye kwawo kwenikweni kwa munthu. A Cecilia anali atataya ana angapo asanafike ndi pokwawa pomwe, ndipo mumtima mwawo anatsimikiza kuti wina ankafukula michombo ija kuseri kwa nyumba n'kukachita nayo zoipa. Choncho wa Elenala sanaukwirire pakhomo. Anabwerera nawo pakati pa nyanja youma ija n'kuuponya m'mng'alu wa dothi, akudziwa kuti madzi adzabwera kudzautseka.

"Ndiye ankandiuza kuti, 'Mlendo akakufunsa kwanu, uziti ku Namuli. Wofuna mchombo wako akatope ndi kukwera phiri la eni ake.' Ine kukula nazo chomwecho. Kalaliki uja anali mlendo."

Linda anasiya kutafuna. Sanaseke.

"Mayi anu anakubisani bwino, amayi. Mpaka boma lomwe lalephera kukupezani." Anapukuta zala pa tsamba. "Tamverani. Lamulo silidana ndi Namuli. Tikati aliyense amene agogo ake anachokera kum'mawa anyamuke, doko ili litsala ndi akakowa okha. Chimene ndikufuna ndi munthu wamoyo woti aime pamaso pa anthu n'kunena kuti munabadwira kuno, kwa mayi wa kuno, ndipo munda unali wa mayiyo. Alipo?"

"Onse anatsogola. Watsala mmodzi, che Mwanabibi, ku Chisi. Ndi amene anadula mchombo. Koma sanganene. Analumbira."

"Tiyeni tikamve kuti analumbira zotani."

Anakwera bwato la Saidi, msodzi wa pakamwa posatseka amene ankawolotsa anthu nsomba zikavuta. Linda anakhala pakati penipeni atagwira mbali zonse ziwiri, maso ali tong'o.

"Musaope, bwana loya," anatero Saidi akukankha bwato ndi nsungwi yake yaitali. "Nyanja ino mukagweramo mungoimirira, madzi akulekezani m'khosi. Chokuphani ndi manyazi basi."

"Mukanditembenuza ndikusumirani, achimwene."

"Ndidzabwera kwa inu nomwe, si mwati ndi ulere?"

Elenala sanalowe nawo m'nthabwalazo. Ankayang'ana madzi, ofiirira ngati tiyi wothira mkaka wochepa, osaonetsa kanthu pansi. Anakumbuka chaka china nyanja itaumanso, iye ali kale ndi ana, pamene anayenda njira yomweyi ndi mayi ake. Dothi linali long'ambika ngati zidendene za mlimi, zigoba za nkhono zili mbwee, mabwato atagona chafufumimba pouma. Iye ankaba maso kuyang'ana nkhope ya mayi ake, kuti mwina penapake aima, kapena atsitsa maso. Koma a Cecilia anazindikira. Analankhula njira yonse osapuma, za mtengo wa mchere, za mkazi wa katekisiti, za nkhuku yawo yosafungatira, maso ali pa mapiri a Chisi, mpaka anaponda mwala woyamba wa pachilumba. Pamenepo m'pamene anakhala pansi n'kupempha madzi, milomo ili gwa. Tsopano bwato linkadutsa pamwamba pa zonsezo, ndipo Elenala sankadziwa ngati wadutsa kale kwawo kapena sanafike.

Che Mwanabibi anawapeza pakhonde akusalaza mphika ndi chigoba cha nkhono. Anali woumba mbiya kuyambira utsikana wawo, ndipo ngakhale maso anali atachita chifunga, manja ankaonabe. Anagwira nkhope ya Elenala, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

"Mwana wa m'ming'alu! Wakalamba iwe. Ndani wakuloleza?"

"Ndakutsatirani inu, anganga."

"Bodza. Ine ndinaima kalekale, ukundipitirira. Nanga uyu wonunkhira sopo wa m'tauniyu?"

Linda anagwada n'kupereka moni, ndipo Elenala anafotokoza chimene abwerera. Nkhope ya che Mwanabibi inatsekeka ngati chitseko.

"Ayi. Tinabwerera awiri pamalo paja, ine ndi Cecilia, mchombo uli m'kansanza. Iye anagwira kamtanda ka m'khosi mwake, ine ndinatchula Mulungu yemweyo m'chinenero changa. Ndinati sindidzauza munthu, ngakhale mwanayo. Ndipo taona, wakula, wabereka, wamera imvi. Ndiye lero ndimasule chifukwa cha boma? Cecilia ndikamuuza chiyani tikakumana?"

"Anganga," anatero Linda, "munalumbira kuti simudzanena chiyani kwenikweni?"

"Pamene tinakwirira."

"Munalumbiranso kuti simudzanena zoti anabadwa?"

"Ha! Kubadwa kumabisika? Si uyu wakhala apayu, akundithera mphasa?"

"Ndiye ine pamene munakwirira sindikupafuna. Mukayamba kundiuza, nditseka makutu n'kuthawira m'bwato. Ndikungofuna mukanene kuti anabadwira pakati pa Chisi ndi Kachulu, mayi ake anali ndani, ndi amene analipo tsikulo. Malo aja akhale anu ndi a Cecilia."

Che Mwanabibi anatembenuza mphika uja m'manja.

"Amene analipo," anatero pang'onopang'ono. "Wakulanda mundawo ndani, iwe?"

"Makisoni."

"Makisoni wake uti? Wa Mary?"

"Yemweyo."

Nkhalamba ija inayamba kuseka. Inaseka mpaka kutsokomola, mpaka Elenala kuigunda pamsana, mpaka nkhuku kuthawa pakhonde.

"Saidi! Bwato lakolo likuthonya? Tenga mpango wanga uli pa chingwepo. Ndikupita ku Kachulu."

Linda anaitanitsa mbali zonse pansi pa mango uja. Kunabwera amfumu, kunabwera Makisoni ndi ana ake, kunabweranso anthu a pa doko amene anasiya nsomba pa thandala kuti adzaone loya waulere akugwira ntchito. Kumwamba kunali kutada mbali ya ku Zomba, mphepo ikununkhira mvula.

"Bambo Makisoni," anayamba Linda, "nkhaniyi ikhoza kupita ku khoti ku Zomba, ndipo ndakonzeka kuipititsa. Inunso ngati mulibe loya, ofesi yathu ikupezerani wina, simulipira. Koma ndati tiyambe takambirana pano, poti khoti silidikira mvula ndipo mvula siidikira khoti. Mukuti mayiwa si a kuno. Umboni wanu ndi wotani?"

"Pakamwa pawo," anatero Makisoni. "Ananena okha. Afunseni awa, analipo."

Anthu ena anavomera ndi mitu. Elenala anayang'ana pansi.

"Chabwino. Tsopano timve kwa amene analipo tsiku lina, kale kuposa limenelo."

Che Mwanabibi anakana mpando, anakhala pamphasa atatambasula miyendo. Mawu awo anali ang'ono koma akuthwa, moti anthu akumbuyo anasiya kunong'onezana.

"Ine ndinali mtsikana, nditangokwatiwa kumene. Nyanja inali itauma gwa, ana inu simungamvetse, fumbi pamene mumaponya maukondepo. Tinanyamuka ku Chisi akazi okhaokha, ine ndi dengu la miphika yokagulitsa, ena akubwerera kwawo kuno. Cecilia anali m'gulumo, mimba ili apa, anabwera kudzasinthitsa mpunga ndi nsomba zouma. Tili pakati, Chisi kumbuyo, phiri la Zomba kutsogolo, anangoti, 'Amayi inu, ndafika.' Pamenepo popanda mtengo, popanda chitsamba, ngakhale mthunzi wa khwangwala. Tinamasula nsalu zathu n'kumuzungulira, kupanga mpanda, aliyense wagwira ngodya yake. Mpeni panalibe. Ndinasolola kansungwi pa dengu langa, n'kudulira mchombo. Dengulo linapasuka, miphika iwiri inasweka, ndipo mpaka lero palibe wandipepesa."

Anthu anaseka. Che Mwanabibi anadikira kuti atonthole.

"Ngodya ina ya mpandawo anagwira Mary. Kumbuyo kwa Mary kunali mwana wamwamuna, wamutu waukulu, wolira ngati mbuzi yomangidwa. Analira kuposa wobereka. Mpaka Cecilia, ali pa ululu chomwecho, anati, 'Mary, tam'patsa bere mwana wakoyo, ndimveko kulira kwanga.' Atamutsitsa pansi, anakwawira pa miphika yanga yotsala n'kukodzeramo." Anatembenuzira maso awo achifunga kumene kunkachokera mawu a Makisoni. "Makisoni, mutu uja unachepako?"

Chikhakhali chimene chinabuka pamenepo chinaposa cha pa sukulu chija. Amfumu anabisa nkhope m'chipewa. Ana a Makisoni omwe analephera kudzigwira.

"Ndipo njira yonse," anapitiriza che Mwanabibi, "mayi ako ndi Cecilia ankalankhula Chilomwe chokhachokha, ine osatolapo kanthu. Agogo ako ndi agogo a uyu anabwera ulendo umodzi, akulandizana mitolo. Minda anathyola moyandikana, mgula anaunda limodzi. Ukati uyu apite ku Namuli, umunyamulire katundu, poti njira ndi imodzi."

Makisoni anaimirira, khosi litatupa. "Nkhani za nkhalamba izi! Ngati n'zoona, aloze pamalopo tione. Mchombo anakwirira pati?"

Linda anatsegula pakamwa kuti aletse funsolo, koma che Mwanabibi anamutsogolera.

"Tenga khasu lako lija unagumulira mgula, ukakumbe nyanja. Uyambire pa doko. Ine ndikhala pano ndizikuonerera."

"Funso limenelo silikufunika, bambo," anatero Linda anthu atatsitsa phokoso. "Kuchokera pa Kachulu kukafika ku Chisi, pouma kapena pamadzi, ponsepo ndi pa Malawi. Mboni yanena kumene anabadwira, yanena mayi ake, yanenanso za munda. Muli ndi china chotsutsa?"

Makisoni anakhala pansi. Chala chake chinasisita chipsera cha pachibwano.

"Amayi ankandiuza kuti ndinawoloka nyanja pamsana," anatero motsitsa. "Ndinkayesa nthabwala. Sankanena kuti unali ulendo umenewo." Anapumira m'mwamba. "Nanga ana angawa alima kuti, Elenala?"

Aka kanali koyamba kumutchula dzina chichokereni pa nsanja ya mbalame. Elenala anamva chisoni chikumukwera, koma anachimeza.

"Sindikudziwa, achimwene. Imeneyo ndi nkhani ina, amfumu ali pano. Bwezani kaye mgula wa amayi."

Linda analemba zimene anagwirizana: zikhomo zizulidwe, mgula ubwerere pamene unali, Makisoni ndi ana ake aunde okha mvula isanagwe. Anawerenga mokweza kuti aliyense amve. Makisoni anasaina, amfumu anasaina, Elenala anadinda ndi chala chachikulu. Atachichotsa papepala, chalacho chinali chabuluu. Anachiyang'ana ngati wakumana ndi m'bale amene anasowa kalekale.

"Sitinathe," anatero Linda akutseka chikwama. "Pa sukulu kalembera akadalipo, ndipo ojambula ziphaso ali pomwepo. Pakufunika mboni ziwiri. Anganga ndi imodzi. Yachiwiri..." Anayang'ana Makisoni.

"Ine? Ndinali khanda ine!"

"Koma munalipo."

"Analipo!" anakuwa Saidi kumbuyo. "Anasiyanso chidindo chake m'miphika!"

Anapita onse, che Mwanabibi atakwezedwa pa kabaza, akutukwana woyendetsa pa bampu iliyonse. Mzere unali waufupi. Kalaliki anali wina, koma tebulo linali pamalo omwe aja, pansi pa zenera loyang'ana kunyanja. Nayenso sanadzutse mutu.

"Kwanu ndi kuti, mayi?"

Lilime la Elenala linanyamuka lokha kupita kumene linazolowera. "Na..." Analigwira ndi mano. Kunja kwa zenera, kupitirira madenga a pa doko ndi njedza zobiriwira, madzi anali phee, atabisa zonse zimene anapatsidwa kuti asunge. Mumtima anapepesa mayi ake m'timawu tochepa ta Chilomwe timene tinamutsalira.

"Kuno."

"Kuno kuti?"

"Kachulu."

"Lembani, bwana," anatero Makisoni kumbuyo kwake, mawu ali okhuthala. "Ndi wa kuno ameneyu. Chipsera ichi anandipatsa ndi iyeyu."

Anamujambula, anamupatsa kapepala, n'kumulozera tebulo lina la kalembera wa mavoti, kumene anamufunsanso dzina n'kulilemba pakati pa mayina a anthu ena onse.

Mvula inagwa mgula ukadali wofewa, mapazi a ana a Makisoni akuonekabe pamwamba pake. Elenala anali atachedwa ndi nazale, anzake mbande zili kale m'mawondo a nkhuku, koma faya wa a Cecilia sankakhumudwitsa munthu. Anatsikira m'munda ndi lichero la mbewu, matope akuda akumulowa pakati pa zala za kumapazi. Makisoni, ali tsidya lina la mgula, anaimitsa khasu n'kumuyang'ana.

"Achemwali, mwalasidwa ndi minga? Mukufesa bwanji chala chili m'mwamba?"

"Limani zanu, achimwene," anatero Elenala osatembenuka.

Inki ya pachala inali itayamba kufufuma m'mphepete, ndipo ya chisankho inali ikadali kutali, kuseri kwa kukolola. Anatapanso mbewu ndi zala zinayi, chachikulu chili njo kunja kwa lichero, n'kumwaza pa dothi la mayi ake.